Mma-Mary wa ku Kuruman: Mbiri ya Mayi Mary Moffat (1795–1871)

M'mwezi wa Januwale mu 1859, anthu okhala m'mphepete mwa mtsinje wa Shire adaona chinthu chomwe anali asanachionepo: sitima yoyendera nthunzi ikulimbana ndi madzi, kulunjika kumtunda. Inali sitima ya Dr David Livingstone, ndipo dzina lake linali Ma Robert. Ambiri amene adaphunzira mbiri ya dziko lino kusukulu dzinali amalikumbukira, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti linali dzina la munthu. Atswana ndi Amakololo ankatchula mkazi wa Livingstone kuti Mma-Robert, monga momwe kunonso mayi amadziwikira ndi dzina la mwana wake, amake a uje. Pamene sitimayo inkakwera Shire, mwini dzinalo anali kutali kumwera. Panali patangopita miyezi iwiri chibadwire mwana wake wotsiriza m'nyumba ya makolo ake ku Kuruman, m'mphepete mwa chipululu cha Kalahari. Amene adamusamalira pa uchembere umenewo anali mayi ake omubereka, gogo wa zaka 63, amenenso anthu a kumeneko ankawatchula ndi dzina la mwana wawo wachisamba: Mma-Mary. Mbiri ino ndi ya mayi amenewa.

Mayi Mary Moffat adabadwa mu 1795 ku New Windsor, m'dera la Salford, pafupi ndi mzinda wa Manchester ku England. Bambo awo, a James Smith, anali ochokera ku Scotland ndipo anali ndi nazale ya mitengo ndi maluwa ku Dukinfield. M'banjamo mwana wamkazi anali iwo okha. Adaphunzira pa sukulu ya mpingo wa Moravian ku Fairfield, mpingo womwe unkadziwika ndi kutumiza amishonale kumaiko akutali, ndipo n'kumeneko komwe mtima wofuna kukatumikira kunja udayamba kukula mwa iwo.

Mu 1816 panazale paja padafika mnyamata wa ku Ormiston ku Scotland, dzina lake Robert Moffat, wodziwa ntchito ya m'munda. Adamupezera malowo ndi Mbusa William Roby wa ku Manchester, kuti azigwira ntchito podikira kuti bungwe la London Missionary Society limutumize kunja. Mnyamatayo ndi mwana wa bwana wake adakondana. Koma itakwana nthawi yonyamuka, mu Okutobala chaka chomwecho, makolo a mtsikana adakana kwamtuwagalu, ndipo Robert adakwera sitima yekha. Makolowo sitingawadzudzule. Ulendo wapanyanja wopita ku Cape Town unkatenga pafupifupi miyezi itatu, ndipo kalata yopita mkati mwa dziko ndi yankho lake zinkatha kudya chaka chathunthu. Kupereka mwana wamkazi mmodzi yekhayo ku ulendo wotere kunali ngati kumuika m'manda akali moyo. Mu 1818 Mary adafika polemba kalata youza bwenzi lake kuti asamayembekezerenso. Patangopita nthawi pang'ono makolo aja adafewa mtima mwa iwo okha. Mary adanyamuka mu Sepitembala 1819, ndipo ukwati udamangidwa ku Cape Town pa 27 Disembala. Onse awiri anali ndi zaka 24. Mayi awo owabereka sadadzawaonenso.

Kuchokera ku Cape Town kupita kudera la Kuruman ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000, ndipo pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe unali ulendo wa pafupifupi miyezi iwiri. Boma la ku Cape lidachedwa kuwapatsa chilolezo chokakhala kutsidya kwa malire, motero adayamba akhala ku Griquatown. Kumeneko, pa 12 Epulo 1821, kudabadwa Mary, mwana amene adapatsa mayi ake dzina lomwe adakhala nalo moyo wawo wonse mu Africa. Mwezi wotsatira banjalo lidakakhazikika pakati pa Atswana a fuko la Batlhaping, pansi pa Mfumu Mothibi.

Zaka zisanu ndi zitatu zotsatira ndi zomwe zidaumba Mayi Moffat. Nyumba yawo yoyamba inali ya mitengo ndi dothi, yofolera ndi bango. Pansi pake ankazira ndi ndowe za ng'ombe monga ankachitira eni dziko, ndipo ngakhale poyamba zidawanyansa, adadzavomereza m'makalata awo kuti palibe njira ina yoposa imeneyi yothetsera fumbi ndi utitiri. Sopo ndi makandulo ankapanga okha ndi mafuta a nkhosa. Nyama ankaifutsa ndi mchere, zovala za banja lonse ankasoka pamanja. Sitolo kunalibe, dokotala kunalibe. Ziwiya zapakhomo zinkasowa kawirikawiri, mwakuti amuna awo popita kukalalikira ankanyamula mipeni ndi zida zina kuopa kukazipeza zitapita.

Koma chomwe chinkawasautsa koposa chinali madzi. Amishonale adakumba ngalande yopatutsa madzi a mumtsinje kuti azithirira dimba lawo. Amayi a Chitlhaping, omwe ndiwo anali alimi, ankaigumula ngalandeyo n'kulowetsa madzi m'minda mwawo, ndipo masiku ena pakhomo pa a Moffat pankasowa ngakhale madzi ophikira. Makalata a Mayi Moffat a nthawi imeneyi ali ndi mawu olimba onena za anthuwa, ndipo ena mwa mawuwo sawerengeka bwino lero. Choona n'chakuti amayi aja anali ndi chifukwa chawo. Kunali chilala cha zaka zingapo, ndipo alendo ndiwo adabwera kudzapatutsa mtsinje wa eni ake. Mvula itapitiriza kukana, mlandu udagwera alendo omwewo: belu la kutchalitchi ndi mapemphero awo akuti ndizo zinkaopseza mitambo. Tsiku lina kudabwera nthumwi zonyamula mikondo kudzawauza kuti achoke m'dzikomo. A Moffat adakana, nawatambasulira chifuwa kuti ngati afuna awabaye. Mayi Moffat anali chiimire pakhomo, khanda lili m'manja, akuona zonse. Nthumwizo zidabwerera osachita kanthu.

Mu 1823 kudafika zoopsa za mtundu wina. Inali nyengo ija ya chipwirikiti kumwera kwa Africa, yomwe pambuyo pake idachititsanso Angoni a Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835. Khamu lalikulu la anthu othawa nkhondo ndi njala lidafika ku Dithakong, pafupi ndi mudzi wa Mothibi. A Moffat adathamangira ku Griquatown kukapempha thandizo, ndipo Agriqua pafupifupi 100 okwera pamahatchi, onyamula mfuti, adabalalitsa khamulo m'mwezi wa Juni. Mayi Moffat adathawitsidwira ku Griquatown ndi ana awiri, wamng'onoyo, Ann, ali wa miyezi itatu. Zitatha izi Mothibi adayamba kuwaona amishonale ndi diso lina, ndipo mu 1824 adawalola kusamukira ku Seodin, kumunsi kwa kasupe wamkulu wotchedwa Diso la Kuruman, amene amatulutsa malita pafupifupi 20 miliyoni a madzi tsiku lililonse. Pamenepo ndi pomwe padamangidwa mishoni ya Kuruman, ndi ngalande zake, minda ya tirigu ndi mitengo ya zipatso. Pamenepo ndi pomwe padakhala kwawo kwa Mayi Moffat zaka 46.

Madzi adapezeka, koma otembenuka mtima sadapezeke. Anthu ankabwera kumapemphero mwa apo ndi apo, ena kudzangopempha fodya. A Moffat ankalalikira m'Chidatchi kudzera mwa omasulira omwe nawonso sankamvetsa zomwe ankamasulirazo. Tsiku lina atagwa mphwayi, adadandaulira akazi awo kuti ntchito yonse ikupita pachabe. Mayi Moffat sadawatonthoze ndi mawu okoma. Adawakumbutsa kuti anthuwo anali asanamvepo Uthenga Wabwino m'chiyankhulo chomwe adayamwira, ndipo kuti sikoyenera kuwaweruza kuti akana chinthu chomwe sadachimve. Mu 1827 a Moffat adasiya banja lawo n'kukakhala pafupifupi miyezi iwiri pakati pa Abarolong, komwe kunalibe woyankhula naye Chidatchi kapena Chingerezi. Adabwerako akulalikira m'Chitswana. Uthenga wa Luka udasindikizidwa ku Cape Town mu 1830, Chipangano Chatsopano ku London mu 1840, ndipo Baibulo lonse lidatuluka pa makina osindikizira a ku Kuruman komweko mu 1857. Linali Baibulo lathunthu loyamba m'chiyankhulo cha anthu akuda a kumwera kwa Africa. Dzina lomwe limatchulidwa pa ntchitoyi ndi la Robert Moffat, ndipo n'zoyenera, pakuti adaigwira zaka pafupifupi 30. Koma m'zaka zonsezo panali wina amene ankaonetsetsa kuti womasulirayo wadya, kuti antchito alandira zawo, kuti alendo agona, ndiponso kuti mutu ukamupweteka aleke kaye kulemba.

Pali nkhani imodzi ya m'zaka zouma zija yomwe imakumbukiridwa koposa zonse. Mnzawo wina wa ku Sheffield adawalembera kalata kufunsa mphatso yomwe angawatumizire. Munthu wosowa nsalu, singano, shuga ndi mankhwala akadatha kutchula chilichonse mwa izi. Mayi Moffat adapempha ziwiya za Mgonero wa Ambuye, chikho ndi mbale, ponena kuti tsiku lina zidzafunika. Nthawi imeneyo panalibe Mtswana ndi mmodzi yemwe wobatizidwa pamishonipo. Katunduyo adachedwa kufika. Mu 1829 mitima ya anthu idayamba kusunthika: kachisi wamng'ono uja adayamba kudzaza, anthu adayamba kufuna kuphunzira kuwerenga, ndipo m'mwezi wa Julayi anthu asanu ndi mmodzi adabatizidwa. Bokosi la ku Sheffield lidafika kutangotsala pang'ono kuti Lamulungu la ubatizowo likwane, ndipo anthu khumi ndi awiri adakhala pa gome la Ambuye ndi ziwiya zimenezo. Tchalitchi chachikulu cha miyala, chokwana anthu pafupifupi 800, chidatsegulidwa mu 1838.

Mayi Moffat ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. M'maganizo mwawo, monga mwa amishonale ambiri a m'badwo wawo, Chikhristu ndi kavalidwe ka Chizungu zinkayendera limodzi, ndipo miyambo yambiri ya Atswana adaiweruza asanaimvetse. Analinso munthu wosabweza mawu, wofuna kuti zinthu zichitike monga wanenera, ndipo akazi a amishonale achinyamata ena ankawaopa. Komabe nyumba yawo sinkatsekedwa. Adalera ana angapo osakhala awo, mmodzi mwa iwo khanda lomwe lidapezeka litasiyidwa kuti life, limene adalitcha Sarah Roby. Mwanayu adakulira pamodzi ndi ana awo ndipo adapita naye ku England.

Ana awo obereka anali khumi. Apa ndi pomwe mtengo wa lonjezo lawo udaonekera. Mwana wamwamuna woyamba adamwalira mu 1825 atakhala masiku owerengeka. Wina wamkazi, Elizabeth, adamwaliranso ali wamng'ono. Amene adapulumuka ankayenera kupita kusukulu, ndipo sukulu inali kutali. Mu 1830 Mayi Moffat adakasiya Mary wa zaka 9 ndi Ann wa zaka 7 pa sukulu ya mpingo wa Wesleyan ku Salem, pafupi ndi Grahamstown, ulendo wa masabata ambiri kuchokera ku Kuruman. Pofuna kukawaona ankayenda pa ngolo popanda amuna awo, chifukwa sankafuna kuti ntchito yomasulira iime chifukwa cha iwo. Ankawoloka mtsinje wa Orange, womwe ukasefukira unkaimitsa apaulendo masabata, ali ndi ana aang'ono ndi Atswana oyendetsa ngolo basi. Mu 1835, atabereka John, adadwala mpaka kutsala pang'ono kumwalira, ndipo mwayi unali wakuti Dr Andrew Smith, amene ankatsogolera ulendo wofufuza dziko, anali ku Kuruman nthawi imeneyo.

Mu 1839 banja lonse lidakwera sitima ku Cape Town kupita ku England kukasindikizitsa Chipangano Chatsopano. Mayi Moffat anali oyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Sitima isanapite patali adabereka mwana wamkazi, amene adamutchanso Elizabeth. Patapita masiku atatu, mnyamata wawo James, wa zaka 6, amene ankadwala chikuku, adamwalira pambali pawo m'kachipinda komweko. Pobwerera ku Africa mu 1843 adasiya mwana wina, Helen, ku England. Mayi ndi mwana adadzaonananso patapita zaka 27, Helen ali mayi wa ana akuluakulu. Palibe umboni wakuti Mayi Moffat adazolowera kulekana kotere. Makalata awo amaonetsa mayi amene ankadzifunsa mobwerezabwereza ngati akuchita bwino, n'kumadziyankha kuti ntchito yomwe adaitanidwira siingasiyidwe. Wowerenga wa lero akhoza kugwirizana nawo kapena ayi, koma sanganene kuti sankadziwa chomwe ankapereka.

Ali ku London mu 1840, a Moffat adakumana ndi dokotala wachinyamata wa ku Blantyre ku Scotland, David Livingstone, amene ankafuna kupita ku China koma nkhondo idamutsekera njira. Adamukopa kuti apite ku Africa. Mayi Moffat adayesetsa kumulangiza kuti ayambe wakwatira asananyamuke, poti ankadziwa moyo wa mbeta kumishoni, koma mnyamatayo adakana. Sadadziwe kuti akulangiza mkamwini wawo. Mu Febuluwale 1844 mkango udamuluma Livingstone paphewa ku Mabotsa, ndipo adabwera ku Kuruman kudzachira. Kumeneko adafunsira Mary pansi pa mtengo wa alimondi m'munda wa zipatso, ndipo ukwati udachitika mu Januwale 1845.

Kuyambira pamenepo Mayi Moffat adakhala gogo, ndipo ugogo wawo sunali wongokhala pakhonde kudikira adzukulu. Banja la Livingstone lidasamuka kuchoka ku Mabotsa kupita ku Chonuane, kenako ku Kolobeng, m'dziko lomwe lero ndi Botswana, malo a chilala ndi njala. Mu 1846 gogoyu adamanga ng'ombe pa ngolo, natenga ana awo aang'ono, n'kuyenda makilomita oposa 300 m'dziko la mikango kukaona mwana wawo ndi mdzukulu wawo woyamba, Robert, atanyamula chakudya. Mu 1850 Livingstone adatenga mkazi wake woyembekezera ndi ana atatu kudutsa Kalahari mpaka ku nyanja ya Ngami. Ana awiri adadwala malungo. Atabwerera ku Kolobeng kudabadwa mwana wamkazi amene adangokhala masabata asanu ndi limodzi, ndipo Mary adafa ziwalo mbali imodzi ya nkhope. Banja lonse lidakachirira ku Kuruman, m'manja mwa gogo.

Chaka chotsatira Mayi Moffat adamva kuti mkamwini wawo akukonzanso ulendo womwewo, ndipo kuti Mary, amene analinso ndi pakati, apita nawo pamodzi ndi ana. Kalata yomwe adamulembera ilipo mpaka lero. Adamukumbutsa za khanda lomwe linali litangoikidwa m'manda ndi za matenda a mkazi wake. Adamufunsa ngati zimenezo sizidakwane. Adamuuza mosapsatira kuti kuyenda ndi mayi wapakati ndi tiana titatu m'chipululu cha zilombo ndi nkhanza, ndipo kuti dziko lonse lidzatero. Adaonjeza kuti akadakhala kuti wapeza malo oti akakhazikike n'kuyamba mishoni, iwo sakadatsutsa, ngakhale kukadakhala kutali motani. Chomwe ankakana chinali kuika ana pachiswe chifukwa cha ulendo wongofufuza dziko. Mawu amenewa adachokera kwa mayi amene iye mwini adasiya makolo ake, naika ana atatu m'manda chifukwa cha ntchito ya Mulungu. Ankadziwa kusiyanitsa nsembe ndi kusasamala.

Livingstone sadamvere. Pa ulendowo wowatsogolera njira adasokera, madzi adatha, ndipo ana adakhala masiku angapo akulira ndi ludzu. Adapulumuka, Livingstone adafika kwa Sebetwane mfumu ya Amakololo ndi kuona mtsinje wa Zambezi, ndipo pobwerera Mary adabereka mwana wamwamuna, Oswell, m'tchire m'mbali mwa mtsinje wa Zouga. Mbiri ya dziko idakumbukira Zambezi. Gogo wa ku Kuruman adakumbukira ludzu la adzukulu ake. Mu 1852 Livingstone adatumiza mkazi wake ndi ana ku Britain, komwe adakhala zaka zinayi mu umphawi ndi kusungulumwa, pamene iye ankadutsa Africa kuchokera ku Luanda mpaka ku Quelimane. Ngakhale zinali choncho, apongoziwo sadamutaye mkamwini wawo. Ankamulembera makalata ndi kumulongedzera katundu, ndipo mu 1854 a Moffat adanyamula mitolo imeneyo mpaka kwa Mzilikazi, mfumu ya Amandebele, amene anthu ake adakaitula m'mbali mwa Zambezi.

Zaka zimenezi Kuruman inali khomo lolowera kumpoto. Amishonale, alenje ndi amalonda onse ankadzera pamenepo, ndipo ambiri ankadya patebulo la Mma-Mary. A Moffat ankachoka miyezi yambiri kupita kwa Mzilikazi, ulendo wina pafupifupi chaka chathunthu, ndipo zapamishoni zinkatsala m'manja mwa akazi awo. Mu 1859 magulu awiri adanyamuka pabwalo lawo. Loyamba lidapita kwa Amandebele n'kukatsegula mishoni ya Inyati, ndipo m'gulumo munali mwana wawo John ndi mkazi wake Emily. Lachiwiri, la Holloway Helmore ndi Roger Price, lidapita kwa Amakololo ku Linyanti. Kumeneko Helmore, mkazi wake ndi ana awo awiri adamwalira mu 1860, ndipo Price adataya khanda lake, kenako mkazi wake pobwerera. Adafika ku Kuruman ndi ana awiri amasiye a Helmore, ndipo adawalandira ndi Mayi Moffat. Mu 1861 Price yemweyo adakwatira Elizabeth, mwana uja wobadwira m'sitima. Mayi amene adaona ndi maso awo chomwe njira ya kumpoto imachita adaperekanso mwana wina ku njira yomweyo.

Chaka cha 1862 chidawalanda ana awiri. Mary adasiya ana ake ku Scotland n'kutsatira mwamuna wake ku Zambezi. Adakhala naye miyezi itatu yokha. Pa 27 Epulo adamwalira ndi malungo ku Shupanga, m'dziko la Mozambique, ali ndi zaka 41, ndipo adaikidwa pansi pa mtengo wa mlambe. M'mwezi wa Ogasiti, mwana wawo wamwamuna wamkulu, Robert, adamwalira mwadzidzidzi pa ulendo, asanapite patali kuchokera ku Kuruman. Munthu akadayembekezera kuti mayi amene adachenjeza zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo amuloza chala mkamwini wake. Sadatero. Kalata yomwe adalembera Livingstone inali yomuthokoza chifukwa chowafotokozera za masiku otsiriza a mwana wawo, ndi yomutonthoza iye monga wofedwa mnzawo.

Maliro sadathere pomwepo. Mdzukulu wawo woyamba uja, Robert Livingstone, amene adakula wosowa pokhazikika, adafika ku Natal kufunafuna njira yopita kwa bambo ake, koma adakathera ku America, komwe adalowa usilikali pa nkhondo yapachiweniweni ndi dzina longopeka lakuti Rupert Vincent. Adavulala, nagwidwa, namwalira m'manja mwa adani ku Salisbury, North Carolina, mu Disembala 1864, ali ndi zaka 18. Mu 1866 mkamwini wawo wina, Jean Fredoux, mmishonale wa ku France amene adakwatira Ann, adafa pamene wamalonda wina adayatsa wonga womwe unali m'ngolo yake. Ann adatsala ndi ana asanu ndi awiri, ndipo adabwera nawo ku Kuruman. Gogo wa zaka zoposa 70 adayambiranso kulera.

Pomafika 1870 mphamvu zinali zitawathera onse awiri, ndipo bungwe lawo lidawapempha kuti abwerere kwawo. John ndiye adatsala pamishoni. M'mwezi wa Malichi ngolo yawo idatuluka pa Kuruman komaliza, anthu atadzaza bwalo, ena atayenda mitunda italiitali kudzagwirana nawo chanza, ndipo kulira kudamveka ngati pamaliro. Ambiri mwa olirawo anali ana ndi adzukulu a anthu omwe ankagumula ngalande zaka 50 m'mbuyomo. Adafika ku England mu Julayi, ndipo Mayi Moffat adaonananso ndi Helen. Koma dziko lobadwira linali litasanduka lachilendo, ndipo thupi lozolowera dzuwa la Kalahari silidapirire chisanu cha ku London. Adadwala chifuwa masiku ochepa, namwalira ku Brixton mu Januwale 1871, ali ndi zaka 75, atakhala m'banja zaka 51. Adaikidwa ku manda a Norwood. Amuna awo adakhala zaka zina khumi ndi ziwiri, nakhala nawo pa maliro a Livingstone ku Westminster Abbey mu 1874, ndipo atamwalira mu 1883 adaikidwa pambali pa akazi awo. Mu 1885 John adatulutsa buku la mbiri ya makolo ake, lomwe lidasunga makalata ambiri a mayi ake.

Mbumba yawo idafalikira m'maiko a kuno, ndipo si zonse zomwe idachita zimene zimakumbukiridwa mokoma. John yemweyo, atasiya umishonale n'kulowa ntchito ya boma, ndiye adasainirana pangano ndi Mfumu Lobengula mu Febuluwale 1888, pangano lomwe lidatsegulira njira Cecil Rhodes. Lobengula adamukhulupirira chifukwa cha ubwenzi wa bambo awo awiriwo. Mwana wa John, Howard Moffat, wobadwira ku Kuruman mu 1869, adakhala nduna yaikulu ya Southern Rhodesia kuyambira 1927 mpaka 1933. Agnes Livingstone, mmodzi mwa tiana tija tidalira ndi ludzu m'Kalahari, adakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, ndipo banja lawo ndilo linali eni minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, komwe nkhanza za thangata zidathandiza kuyambitsa kuukira kwa Mbusa John Chilembwe mu Januwale 1915. Mwana wina wa John, Malcolm Moffat, adatumikira pa mishoni ya Livingstonia, ndipo mu 1907 adakatsegula mishoni ya Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, m'dera lomwe Livingstone adamwalirira mu 1873. Pambuyo pake kudabweranso Dr Hubert Wilson, mwana wa Anna Mary, khanda lija lidabadwira m'manja mwa gogo wake ku Kuruman mu Novembala 1858.

Mayi Moffat sadaone Zambezi, Shire kapena nyanja ya Malawi, ndipo adamwalira zaka zinayi mishoni ya Livingstonia isanafike ku Cape Maclear mu 1875. Manda a mwana wawo wachisamba akadali ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi. Ku Kuruman nyumba yawo ya miyala ikadalipo, ndipo m'tchalitchi cha 1838 anthu akupempherabe m'Chitswana.